Adawasamutsa ngati katundu, koma abale adakana kukhala chete

Miyezi ya Juni ndi Julaye ku Johannesburg ndi ku Pretoria kumazizira koopsa, moti usiku madzi amatha kuundana m'ndowa. Amalawi amene adakhalako ku Joni amachidziwa bwino chisanu chimenechi.

Mudali m'nyengo yotere, m'chaka cha 2016, pamene mabanja ambiri a m'chigawo cha Gauteng, m'dziko la South Africa, ankayendayenda kufunafuna abale awo. Abalewo sadasochere pamsewu ayi. Adali odwala matenda a maganizo, ena olumala ubongo chibadwire, ena okalamba oiwalaiwala, omwe adakhala zaka zambiri akusamalidwa m'zipatala zogonera za Life Esidimeni. Mabanja adangomva kuti boma lawasamutsa. Koma komwe lapita nawo, ambiri sadauzidwe.

Ena adawapeza abale awo patapita masabata, ataonda mpaka nthiti kuwerengeka. Ena adakawapeza kunyumba zachisoni.

Chiwerengero chomwe chidatsimikizika pambuyo pake n'chakuti anthu 144 adamwalira. Sikudalire mfuti, sikudagwe basi. Ambiri adafa ndi njala, ludzu, chisanu komanso kusowa mankhwala, ali m'manja mwa boma.

Dzina loti Esidimeni limatanthauza malo a ulemu. Lero dzinali limakumbutsa anthu a ku South Africa imodzi mwa nkhanza zazikulu zomwe zachitika m'dzikomo chithereni ulamuliro wa tsankho mu 1994. Koma limakumbutsanso kuti choonadi chidatulukira poyera chifukwa abale a odwalawo adakana kukhala chete.

Mmene zidayambira

Life Esidimeni idali nthambi ya kampani ya zipatala ya Life Healthcare. Kwa zaka zoposa 30, boma linkalipira kampaniyi kuti izisunga odwala omwe sangathe kudzisamalira okha ndipo abale awo sangakwanitse kuwasunga pakhomo. Zina mwa zipatalazi zidali ku Waverley, m'dera la Germiston, komanso ku Randfontein.

Sizidali zipatala za anthu olemera, koma kudali anamwino, madokotala, mankhwala ndi chakudya pa nthawi yake. Wodwala aliyense adali ndi fayilo yake yofotokoza matenda ake ndi mankhwala omwe amamwa. Ena adakhalako zaka makumi, moti kwa iwo kumeneko ndiko kudali kwawo.

Mu Okutobala 2015, nduna ya zaumoyo m'chigawo cha Gauteng, Qedani Mahlangu, idalengeza kuti mgwirizano wa boma ndi Life Esidimeni utha. Zifukwa zikuluzikulu zomwe idapereka zidali ziwiri. Choyamba chidali kupulumutsa ndalama. Chachiwiri chidali ndondomeko ya dzikolo ya 2013 mpaka 2020, yolimbikitsa kuti odwala matenda a maganizo asamatsekeredwe m'zipatala moyo wawo wonse, koma azisamalidwa kufupi ndi kwawo.

Mfundo yachiwiriyi payokha si yoipa, ndipo akatswiri ambiri padziko lapansi amaivomereza. Koma imafuna kuti malo olandirira odwala akonzedwe kaye, antchito aphunzitsidwe, ndalama zitsatire wodwala komwe wapita, ndipo kusamutsako kuchitike pang'onopang'ono. Akuluakulu a ku Gauteng adagwetsa nyumba asanamange ina.

Kumbali ya ndalama, boma linkalipira Life Esidimeni R320 pa wodwala mmodzi pa tsiku. Mabungwe omwe si aboma, omwe adasankhidwa kuti alandire odwalawo, amayenera kulandira R112 yokha pa tsiku, kuti pa ndalama imeneyi pachoke chakudya, zofunda, sopo, magetsi ndi malipiro a antchito. Chodabwitsa n'chakuti odwala ena adatumizidwa kuzipatala za boma monga Weskoppies ndi Sterkfontein, komwe kusunga munthu mmodzi kunkadya ndalama zoposa R1 000 pa tsiku.

Machenjezo adagwa pamwala

Palibe mkulu wa boma yemwe akadanena kuti sadachenjezedwe. Mu Juni 2015, ganizoli lisanalengezedwe n'komwe, bungwe la madokotala a matenda a maganizo la South African Society of Psychiatrists lidalembera ndunayo kalata. Madokotalawo adati mabungwe a m'madera alibe malo ndi luso lokwanira, ndipo kusamutsa odwala mwaphuma kudzetsa mavuto aakulu.

Nawo abale a odwala, atamva nkhaniyi, adapanga komiti yawo. Ambiri mwa iwo sankadziwana kale. Adali anthu wamba, ena ogwira ntchito zam'nyumba, ena opuma pantchito, omwe ankangokumana pachipata tsiku lodzazonda odwala. Mutu umodzi susenza denga, choncho adagwirana manja ndi bungwe la South African Depression and Anxiety Group, lomwe limadziwika kuti SADAG, komanso la South African Federation for Mental Health.

Maloya omwe adawaimirira adali a bungwe la SECTION27. Dzina la bungweli lidachokera ku gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa, lomwe limati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha kuchipatala, chakudya ndi madzi okwanira.

Mu Disembala 2015 mabungwewa adakamang'ala kukhoti. Mlandu usanapite patali, nthambi ya zaumoyo ya chigawocho idavomera kusainira mgwirizano. Idalonjeza kuti ikambirana ndi mabanja ndi akatswiri isanasamutse aliyense, ndiponso kuti palibe wodwala yemwe apite kumalo komwe chisamaliro chake n'chochepera cha ku Life Esidimeni.

Lonjezolo silidakhalitse. Mu Malichi 2016 mabanja adamva kuti odwala 54 akupita kunyumba ya Takalani ku Soweto, malo omwe ankadziwika ndi kusunga ana olumala ubongo. Adathamangiranso kukhoti kuti aletse ulendowo. Akuluakulu a zaumoyo adatsimikizira khoti kuti odwalawo ali bwino ndipo malowo ndi oyenera, ndipo khoti lidakana pempho la mabanja. Ena mwa odwala omwe adapita ku Takalani sadabwerekonso amoyo.

Ngakhale mkati mwa boma momwemo mudali ochenjeza. Mkulu yemwe adapatsidwa udindo woyendetsa ntchito yosamutsayi, Levy Mosenogi, adapempha kuti nthawi iwonjezeredwe chifukwa malo adali asanakonzeke. Mgwirizano udangotalikitsidwa ndi miyezi itatu, kufika kumapeto kwa Juni 2016. Mabanja adaguba kangapo m'misewu ya Johannesburg kukatula madandaulo awo kulikulu la zaumoyo, koma ntchito yosamutsa idapitirira.

Ulendo wopanda mafayilo

Pakati pa Okutobala 2015 ndi Juni 2016, odwala 1 711 adachotsedwa ku Life Esidimeni, ndipo ambiri mwa iwo adachoka m'miyezi yomalizira, chisanu chikuyamba. Ena adabwezedwa kwa abale awo, ena adapita kuzipatala za boma, koma gulu lalikulu lidagawidwa kumabungwe 27.

Kafukufuku adaonetsa pambuyo pake kuti mwa mabungwe 27 amenewa, palibe ndi limodzi lomwe lidali ndi chiphaso chovomerezeka. Lamulo la dzikolo la Mental Health Care Act la 2002 limafuna kuti malo osungira odwala otere akhale ndi chiphaso. Ziphaso zidalipo ndithu, koma zidasainidwa ndi mkulu woona za matenda a maganizo m'chigawocho, Dr Makgabo Manamela, mosatsata malamulo.

Kasamutsidwe kake kadali komvetsa chisoni. Odwala ena adakwezedwa kumbuyo kwa galimoto zosatseka, ena atamangidwa ndi nsalu zoyala pabedi. Eni mabungwe ankafika n'kumasankha odwala omwe awakonda, monga zimakhalira pamsika wa ng'ombe. Ambiri adanyamuka opanda ziphaso zawo, opanda zovala zosinthira, opanda mankhwala okwanira, ndiponso opanda mafayilo awo.

Kwa munthu wabwinobwino fayilo ndi mapepala chabe. Kwa wodwala yemwe satha kulankhula, fayilo ndiyo pakamwa pake. Ndiyo imanena kuti uyu ali ndi khunyu ndipo akadumphitsa mankhwala agwa, uyu ali ndi shuga, uyu satha kumeza nsima yolimba, uyu sapempha madzi ngakhale ludzu limuwawe chotani. Popanda fayilo, olandira odwala sankadziwa ngakhale maina enieni a anthu ena omwe adawagoneka m'nyumba zawo.

Malo ena adali nyumba wamba zokhalamo banja, zomwe zidadzazidwa mabedi. Antchito ambiri adalibe maphunziro a unamwino. Kuwonjezera apo, boma lidachedwa miyezi ingapo kupereka ndalama kumabungwewo, moti ena adalibe chogulira chakudya ndi mabulangete m'kati mwa chisanu.

Kubungwe lina lotchedwa Precious Angels, lomwe lidali ndi nyumba ku Atteridgeville ndi ku Danville mumzinda wa Pretoria, odwala osachepera 20 adamwalira m'miyezi yowerengeka. Imfa zina zambiri zidachitikira m'dera la Cullinan, kumabungwe a Siyabadinga ndi Anchor.

Abale ayamba kulemba maina

Imfazi zikadatha kukwiririka. Wodwala misala akamwalira, anthu ambiri sadabwa, amangoti wapumula. Ndipo popeza odwalawo adali atamwazikana m'malo ambiri, banja lililonse likadaganiza kuti tsoka lagwera ilo lokha.

Chomwe chidasintha zinthu ndi khama la abale. Ankaimbirana lamya, kuuzana komwe wina wamva kuti kwapita odwala, ndi kukwera minibasi kupita kumalo omwe sadafikeko chibadwire. Akapeza m'bale wawo, ankayang'ananso a anzawo. A SADAG ankalandira malamya a mabanja osowa mtengo wogwira, kulemba maina a osowa ndi omwalira, ndi kukakamiza akuluakulu a zaumoyo kuti ayankhe.

Nkhani zomwe mabanja ankasimba zidali zofanana. Ena adauzidwa za maliro patapita masiku kapena masabata munthu atamwalira kale. Ena adayenda nyumba yachisoni ndi nyumba yachisoni kuvundukula matupi. Odwala ena adaikidwa m'manda ngati anthu opanda abale, pomwe abale awo adali pakalikiliki kuwafunafuna. Pomwe mabanja adaumirira kuti thupi lipimidwe, madokotala nthawi zina ankapeza zizindikiro zoti munthuyo adakhala masiku osadya ndi kumwa mokwanira.

Pa 13 Sepitembala 2016, phungu wa chipani chotsutsa cha Democratic Alliance, Jack Bloom, adalandira yankho la funso lake m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Gauteng. Mahlangu adavomera kuti odwala 36 amwalira. Dziko lidadzidzimuka. Nduna ya zaumoyo ya dziko lonse, Dr Aaron Motsoaledi, idapempha Ombudsman wa zaumoyo, Pulofesa Malegapuru Makgoba, kuti afufuze. Makgoba adali atangoyamba ntchitoyi chaka chomwecho, ndipo ndiye adali woyamba kukhala pampandowo.

Zomwe Makgoba adapeza

Lipoti la Makgoba lidatuluka pa 1 Febuluwale 2017. Usiku woti mawa lituluka, Mahlangu adatula pansi udindo.

Lipotilo lidati odwala 94 adamwalira pakati pa Malichi ndi Disembala 2016, ndipo lidachenjeza kuti chiwerengerochi chikwera. Lidaonetsanso kuti tsiku lomwe ndunayo inkauza aphungu za anthu 36, omwalira adali atafika kale 77.

Mfundo yomwe idaumitsa anthu pakamwa idali yakuti mwa anthu 94 aja, mmodzi yekha ndiye adafa ndi vuto lokhudzana ndi matenda ake a maganizo. Enawo adafa ndi zinthu monga kutha madzi m'thupi, kutsegula m'mimba, chibayo ndi khunyu losowa mankhwala. Awa ndi mavuto omwe chipatala chaching'ono cha kumudzi chimatha kuthana nawo.

Makgoba adaloza chala anthu atatu kuti ndiwo adali patsogolo: Mahlangu, Manamela ndi mkulu wa nthambi ya zaumoyo m'chigawocho, Dr Barney Selebano. Adadzudzulanso komiti yomwe lamulo lidaikhazikitsa kuti iziteteza ufulu wa odwala matenda a maganizo, ponena kuti sinkagwira ntchito yake moima payokha. Mlonda adalipo, koma adali m'tulo.

Mwa zina, lipotilo lidalamula kuti odwala otsala achotsedwe msanga m'malo opanda ziphaso aja n'kubwezedwa kuzipatala zoyenera. Lidapemphanso kuti pakhale bwalo lapadera, lotsogoleredwa ndi munthu wodalirika, loti limve madandaulo a mabanja ndi kugamula za chipepeso.

Mabanja alankhula, akuluakulu ayankha

Bwalolo lidayamba kukhala pa 9 Okutobala 2017 ku Parktown, mumzinda wa Johannesburg. Wapampando adali Dikgang Moseneke, yemwe adapuma pantchito ali wachiwiri kwa mkulu wa majaji onse m'dzikomo. Kwa masiku oposa 40, mboni 60 zidapereka umboni, ndipo anthu ankatsatira pawailesi yakanema.

Pabwaloli mabanja adakhala m'chipinda chimodzi ndi akuluakulu omwe adawanyalanyaza. Amayi, abambo, alongo ndi ana a omwalira adafotokoza mmene adawapezera abale awo. Adafotokozanso za moyo wa anthuwo: zomwe ankakonda kudya, nthabwala zawo, ndi chimwemwe chawo akaona mlendo wochokera kumudzi. Anthu omwe m'mabuku a boma adali manambala adakhalanso anthu a maina.

Akuluakulu nawo adafunsidwa mafunso. Selebano adati ankaopa bwana wake. Mahlangu, yemwe adaonekera mu Januwale 2018, adati adanamizidwa ndi akuluakulu a pansi pake ndipo ganizolo silidali lake yekha. Aliyense ankakankhira mnzake. Koma nduna ya zachuma ya chigawocho, Barbara Creecy, idauza bwalo kuti padalibe vuto la ndalama lomwe likadakakamiza nthambi ya zaumoyo kuthetsa mgwirizanowo. Motsoaledi adagwetsa misozi popepesa mabanja, ndipo mtsogoleri wa chigawocho, David Makhura, adapepesanso.

Pa 19 Malichi 2018 Moseneke adapereka chigamulo chake. Adati anthu 144 adamwalira, ena 1 418 adazunzika koma adapulumuka, ndipo pa nthawiyo anthu 44 sankadziwika komwe ali. Adati zifukwa zomwe akuluakulu adapereka pothetsa mgwirizano zidali zabodza, ndipo ganizolo lidali lopanda nzeru komanso losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Malinga ndi iye, zomwe odwalawo adakumana nazo zidali nkhanza zochotsa munthu ulemu.

Adalamula boma kulipira R1.2 miliyoni kwa aliyense mwa odandaula a mabanja oferedwa: R20 000 ya maliro, R180 000 yopepesa kuwawidwa mtima, ndi R1 miliyoni chifukwa chophwanya ufulu wachibadwidwe. Opulumuka nawo adalandira chipepeso, kupatula ndalama ya maliro. Adalamulanso kuti mabanja alandire uphungu ndi kuti pamangidwe chipilala cha chikumbutso.

Chigamulochi chidali ndi tanthauzo loposa ndalama. Nthawi zambiri makhoti powerengera chipepeso amayang'ana ndalama zomwe womwalirayo ankabweretsa pakhomo. Odwala a ku Esidimeni sankalandira malipiro alionse, ndiye mwa kawerengedwe kameneko moyo wawo ukadaoneka wotchipa. Moseneke adaonetsa kuti ulemu wa munthu suyezedwa ndi zomwe amapeza.

Zaka 8 kudikira chilungamo

Mabanja sadakhutire ndi chipepeso chokha. Ankafuna kuti khoti linene yemwe adachititsa imfazo. Kafukufuku wa khoti adayamba mu Julaye 2021 kubwalo lalikulu la milandu ku Pretoria, pamaso pa Jaji Mmonoa Teffo.

Pa 10 Julaye 2024, patatha zaka 8 chichitikireni ngoziyi, Teffo adagamula kuti kusasamala kwa Mahlangu ndi Manamela ndiko kudachititsa imfa za odwala 9. Adati awiriwa adapitiriza ntchito yosamutsa ngakhale adachenjezedwa ndi akatswiri, ndipo imfazo zikadapeweka. Chigamulocho chidaperekedwa ku National Prosecuting Authority, ofesi yomwe ili ndi mphamvu zozenga anthu milandu m'dzikomo.

Ena adadabwa kuti bwanji 9 okha mwa anthu ochuluka chotere. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti matupi ambiri adaikidwa m'manda osapimidwa, ndipo zolembedwa za odwala ambiri zidali zosakwanira kapena zidasowa. Khoti limayendera umboni. Pomwe padali umboni wa dokotala wopima thupi ndi zolembedwa zomveka, m'pomwe khoti lidatha kulumikiza imfa ndi zochita za akuluakulu.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe

Nkhaniyi idachitikira kutali, koma funso lomwe idadzutsa likukhudzanso mabanja a m'dziko muno: ndani amalankhulira munthu yemwe wagonekedwa nthawi yaitali ndipo sangathe kudzilankhulira?

M'zipatala za m'maboma, ntchitoyi imagwiridwa ndi gadiyani. Ndiye amaphika phala, kuchapa, kutembenuza wodwala ndi kuthamangira namwino usiku. Koma gadiyani amatha kupirira sabata ziwiri kapena mwezi. Matenda a maganizo, kufa ziwalo ndi ukalamba zimatenga zaka. Wodwala akatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kuchokera ku Mchinji kapena ku Karonga, ndalama yoyendera yokha imakwanira kudula ubale. Chithandizo china chimapezeka kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komabe kwa mabanja ambiri mtunda ndi wautali.

Chaka chomwe lipoti la Makgoba lidatuluka, mu 2017, ofesi ya Ombudsman ya ku Malawi, motsogozedwa ndi Martha Chizuma, idafufuzanso za kasamalidwe ka odwala matenda a maganizo kuchipatala cha Bwaila ku Lilongwe. Mutu wa lipoti lake unkanena za anthu omwe amaiwalika chifukwa saoneka ndi maso. Kuyambira mu 2018, m'zipatala za boma mudayamba kuikidwa maofesala olandira madandaulo a odwala, omwe amatchedwa ombudsman wa pachipatala. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino nalo limati ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa.

Koma ku Gauteng malamulo abwino adaliponso, komiti yoteteza odwala idalipo, ngakhale mgwirizano wosainidwa udalipo. Zonsezi sizidamwetse wodwala ndi mmodzi yemwe madzi. Lamulo limayamba kugwira ntchito pakapezeka munthu woligwiritsa ntchito.

Zomwe banja lingachite

Kuchokera pa zomwe mabanja a ku Esidimeni adadutsamo, pali zinthu zingapo zomwe banja lililonse lomwe lili ndi m'bale kuchipatala chogonera nthawi yaitali, kunyumba yosungira okalamba kapena kumalo osamalira olumala lingachite.

Choyamba ndi kuzonda. Wodwala yemwe amayenderedwa amasamalidwa mosiyana ndi yemwe aliyense akudziwa kuti alibe womufunsa. Ngati mtunda ndi wautali, abale angathe kusonkherana ndalama n'kumasinthana, kapena kupempha wachibale kaya mnzawo wa mumpingo yemwe amakhala pafupi kuti azikasuzumira. N'kwabwino kufika masiku ndi nthawi zosiyanasiyana, makamaka nthawi ya chakudya.

Chachiwiri ndi kuyang'anitsitsa. Moni wa pakhomo sakwanira. Wozonda aone ngati wodwala akuonda, ngati milomo yauma, ngati ali ndi zilonda kumsana ndi m'chiuno zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, ngati zovala ndi zake komanso zochapa, ndiponso ngati ali ndi chofunda. Amvetserenso zomwe wodwalayo akunena. Kudwala maganizo sikutanthauza kuti chilichonse chomwe munthu wanena n'chopanda mutu.

Chachitatu ndi kulemba. Banja lidziwe dzina la matenda, maina a mankhwala ndi kamwedwe kake, ndipo lisunge zimenezi m'kope lapadera kuwonjezera pa kabuku ka kuchipatala. M'kope momwemo mulembedwe tsiku lomwe adakazonda, zomwe adaona, ndi yemwe adalankhula naye. Dandaulo la pakamwa limauluka ndi mphepo, koma la pakalata, lomwe banja lasungako kope lake, limakhala umboni.

Chachinayi ndi kufunsa za malowo. Kodi adalembetsedwa kuboma? Kodi pali namwino wophunzira usana ndi usiku? Wodwala akadwala mwadzidzidzi amapita naye kuti? Oyang'anira malo auzidwe momveka kuti wodwala asasamutsidwe banja lisanadziwe, ndipo asiyiridwe manambala a lamya a anthu awiri kapena atatu.

Chachisanu ndi kudziwana ndi mabanja ena. Banja limodzi likadandaula, akuluakulu amati ndi lovuta. Mabanja makumi awiri akabwera ndi dandaulo lofanana, nkhani imasintha. Antchito osamalira odwala nawo asatengedwe ngati adani. Ambiri amagwira ntchito yolemetsa pa malipiro ochepa, ndipo kawirikawiri ndiwo amayamba kudziwa kuti chakudya chatha kapena mankhwala sadabwere.

Pomaliza, imfa ikachitika mokayikitsa, banja lili ndi chifukwa chomveka chopempha kuti thupi lipimidwe mwambo wa maliro usanachitike. Ndi nkhani yowawa kuikamba pa nthawi ya chisoni, ndipo achibale ena amaikana. Koma ku Pretoria zidaoneka kuti popanda umboni wotere, khoti limasowa pogwira.

Mabanja a ku Esidimeni adachenjeza, adaguba, adapita kukhoti kawiri, koma sadathe kupulumutsa anthu 144 aja. Chomwe adakwanitsa n'chakuti odwala otsala adachotsedwa m'nyumba zoopsa zija, akuluakulu adayankha mafunso pamaso pa dziko lonse, ndipo khoti lidatchula maina a omwe adalakwa. Adayamba ngati anthu osadziwana okumana pachipata cha chipatala, atanyamula timaphukusi ta chakudya cha odwala awo.